Alamu agwetsa mango a amayi chifukwa cha kadzidzi

Mwaswera bwanji nonse.

Pobwera kumsika ku Chiringa ndapeza mtengo wa mango uja anabzala malemu amayi uli pansi. Audula alamu, amuna a achemwali, ati kadzidzi wa m'mphako ndiye akudwalitsa mwana wawo. Mwanayo ndi malungo, neti yake anatchingira anapiye.

Kadzidziyu ndimamuonerera madzulo ndikamatsuka mbale. Chibwerereni iye, makoswe m'nkhokwe anatha.

Ana a kadzidziyo ndawapeza m'fumbi, oyera ngati thonje, atawaphwanya ndi mwala. Mayi wawo wangoti duu padenga dzuwa lili phwee, maso ali pachitsa.

Amalume, tandiuzeni, mkamwini amadula mtengo pamudzi pa eni osafunsa? Nanga mwanayo akapanda kuchira, mfiti yotsatira akhala ndani pakhomo pano?