Lamulo la Kaputeni wa Amalume

Kanema wa amalume anali wosweka pakona, womangidwa ndi mphira, ndipo ankayendera batire ya galimoto. Chithunzi chikayamba kuvina, umangomumenya khofi kumanzere, basi wakhazikika. Anachita kupatsidwa ndi bwana wawo wa ku Area 47, kumene ankagwira ntchito yoyendetsa galimoto, pamodzi ndi deki ndi katoni ya matepi amene ana a bwanayo anatopa nawo. Zotayidwa za ku Area 47 zikafika kwathu ku Chinsapo zinkasanduka chuma.

Chilimwe chimenecho ndinali Sitandade 4. Loweruka lililonse masana tinkapanikizana pamphasa m'chipinda cha amalume, malata akutentha, fungo la thukuta ndi asidi wa batire lili guu. Matepi onsewo anali a anthu oyenda pa chombo cha m'mlengalenga, ochezera maiko a zolengedwa zakhungu lobiriwira. Chingerezi chake chinali cha m'mphuno, ndiye amalume ankaima pambali n'kumamasulira, chifuwa patsogolo ngati chombocho n'chawo.

Kaputeni wa chombocho anali ndi lamulo limodzi lalikulu: ukafika kwa eni, ona ndi maso, usakhudze kanthu. Kaya eniwo akutha ndi mliri, mankhwala ali mbwee m'chombomo, ayi, asiyeni, ndi chikhalidwe chawo. Akatero ankaima pawindo, nkhope yachisoni, kapu ya tiyi m'manja. “Mwawaona anthu ophunzira?” amalume ankatero. “Za eni salowerera.” Zamkutu! Lero ndikakumbukira nkhope ija ndimachita nseru, koma nthawi imeneyo ndinkaiyeserera pagalasi.

Pamphasapo ndinkakhala moyandikana ndi mnzanga wa kuseri kwa mpanda, katswiri wopanga magalimoto a mawaya. Ankabwera mozemba, chifukwa makolo ake ankapemphera mpingo woletsa kanema, woletsanso chipatala. Chikuku chitalowa m'dera lathu, chinamugwira. Ndinamuona kamodzi ndikusuzumira pampanda: maso ali psuu, zidzolo thupi lonse, milomo yong'aluka. A mpingo wawo ankabwera atavala zoyera, kuimba, kumuwaza madzi, n'kumapita. Chifuwa chake tinkachimva tili kwathu.

Tsiku lina amayi anabwera kuchokera kumjigo ndowa isanadzaze. Mayi a mnzangayo anali atawanong'oneza kuti amuna awo apita kuganyu ndipo abwera mawa. Patapezeka galimoto, iwo apereka mwanayo, zotsatira zake adzaziona okha. Mwayi wake, masana omwewo amalume anatulukira ndi galimoto ya bwana kudzadya.

Amayi anagwada pafumbi, kugwadira mchimwene wawo weniweni, ine ndikuona.

“Achimwene, chipatala si patali. Mwanayu atisiya.”

Amalume anapitiriza kupukuta galasi la galimoto ndi kansalu kachikasu. “Mlongo, chimenecho ndi chipembedzo cha eni. Ife ndife yani kuti tilowerere? Ngakhale kaputeni uja...”

“Kaputeni wanuyo anaberekapo?” amayi anawadula.

Amalume anadya, anasamba m'manja, analiza injini. Ine ndikuti akanangonena kuti akuopa bwana, kapena kuti mwana wazidzolo awadetsera mipando, ndikanawamvetsa, pakuti mantha ndi a tonse. Koma iwo mantha awowo anawaveka suti, n'kuwatcha ulemu. Munthu wamkulu ndi ndevu zake, kubisala kumbuyo kwa tepi yotoledwa!

Amayi anazungulira kufunafuna wanjinga. Pomwe ankamupeza, bambo a mnyamatayo anali atabwerera msanga, atakhala pakhomo ndi Baibulo pamwendo. Sabata isanathe tinamva kulira kuseri kwa mpanda. Pamaliropo amalume ndi amene ananyamula bokosi kutsogolo, ndipo poimba mawu awo ndiwo ankamveka pamwamba pa onse. Za eni zija tsopano anazilowerera ndi mapewa awiri.

Loweruka lotsatira kanema anayakanso. Mu tepi ya tsikulo, mnyamata wa m'chombo momwemo anagwidwa ndi zolengedwa zija chifukwa chophwanya mwambo wawo, ndipo ankati amuphe. Kaputeni sanaime pawindo, tiyi sanamukumbuke n'komwe. Anatsika ndi mfuti, anagumula kachisi wa eni, n'kutulutsa munthu wake. Amalume analumpha mpaka kugunda denga. “Wathu ndi wathu!” anakuwa, ife n'kuwomba m'manja. Amayi, amene ankadutsa ndi lichero pakhomo, anaima, anawayang'ana achimwene awo kuyambira kumutu mpaka kuphazi, analavula pansi n'kupitirira.

Ine ndinacheukira kumanzere kuti ndimugwedeze mnzanga, ndinapeza mphasa yokha. Ndinakhala ndikudabwa kuti kaputeni, munthu wanzeru chotero, waiwala bwanji lamulo lake lomwe. Sindinkadziwa kuti sanaiwale, kuti lamulolo analipangira ana a eni okha.