Mkombero Wachikasu pa Ndege ya a Saulos

Amuna anga, a Saulos, ankakhoma zidebe pamsika wa Nsungwi, ndipo makani awo ndi odziwika Area 25 yonse. Malata akatsala, ankapanga tindege. Ine Peggy ndinkangoti ndi zibwana, mpaka chaka cha masankho, 1994, pamene anatulutsa chithunzi cha malemu bambo awo.

Chithunzicho n'chakalekale, chopanda mitundu. Apongozi anga aima pambali pa ndege ya nkhondo imene ankaitsuka ali msilikali, ndipo pamimba pa ndegeyo pali mikombero, wina m'kati mwa unzake. A Saulos anakhoma ndege yofanana ndendende, koma penti anakana kupaka chipakepake.

"Ingopakani uliwonse, adziwe ndani?" ndinatero.

"Ndidziwa ine," anayankha.

Anadula tizidutswa ta malata, kalikonse n'kukapaka mtundu wake, n'kupita nato kwa Hamisi, wojambula zithunzi za ziphaso, yemwe anali adakali ndi filimu yopanda mitundu. Tangoganizani, bambo wa ndevu zake kukajambulitsa malata. Ndinachita manyazi mpaka ndinasiya kudutsa njira imeneyo. Chithunzi chitatuluka, anachigundaniza ndi cha bambo awo, n'kumayerekeza kuda ndi kuwala kwake. Wofiira unagwirizana ndi kadontho ka pakati, wabuluu ndi mkombero waukulu. Wakunja, wopyapyala uja, unakana woyera, unakana wobiriwira. Unalola wachikasu.

Chaka chimenecho chikasu chinali mtundu wa chipani, ndipo a Kings, tcheyamani wa msika, anali a chipani china. Ndege itangopakidwa penti n'kupachikidwa pamwamba pa benchi lathu pamsika, a Kings anatulukira.

"Bambo Saulos, kampeni pamsika wanga ayi. Fufutani chikasucho, apo ayi mawa malo ano ndipatsa wina."

"Ndegeyi inauluka inu musanabadwe, achimwene," anatero amuna anga, osasiya n'kukhoma komwe. "Chipani chake n'chiti?"

Kunyumba ndinawakalipira zenizeni amuna anga, chifukwa malo amenewo ndiwo ankatidyetsa. Ndinapita ndekha kukagula kachitini ka penti woyera, n'kuwaikira patsogolo. Iwo anangokakankhira kumbali.

"Bambo anga anabwerako kunkhondo opanda kalikonse, koma chithunzi chokhachi. Ndinamizire ndege yawo chifukwa cha Kings?"

Zinandipweteka kuti akunena zoona.

M'mawa mwake tinapeza benchi lathu ataliponya kunja kwa msika. Tinalinyamula awiriwiri mpaka kunyumba, anthu akutiyang'ana, ena akuseka. Titafika, a Saulos sanamwe n'madzi omwe. Anatenga mtengo wautali wa bulugamu, anamangirira ndege ija kunsonga, n'kubwereka makwerero kuti akaiimike padenga, pamene aliyense wopita kumsika aziiona.

Makwererowo anali ogwedera. Ndinawagwira ine.