Mkamwini Wogontha ndi Galimoto Yolephera Chitunda

Mvula ya chaka cha 1946 ili pafupi kuyamba, Matiyasi anakhala pakhonde la apongozi ake ku Kasenengwa, anthu akukambirana za iye, iye osamva ngakhale liwu limodzi.

Anali atangobwera kuchokera ku mgodi wina wa kumwera, kumene anagwira zaka zisanu ndi ziwiri akusamalira mainjini opopa madzi. Tsiku lina wonga unaphulika pafupi naye. Thupi linapulumuka, koma makutu onse awiri anafera pomwepo. Eni mgodi anangomupatsa bulangete ndi tikiti yobwererera kwawo.

Matiyasi anali mkamwini m'mudzi wa mkazi wake Olipa, ndipo amene ankalankhula tsikulo anali a Lazaro, amalume a mkaziyo.

"Iwe Olipa," anatero a Lazaro, "munthu uyu ukamuitana sakucheuka, ng'ombe zikalowa m'munda sakumva. Kodi tikusunga mwamuna kapena chitsa? Abwerere kwawo."

Olipa anagwada, koma mawu ake sanagwade. "Amalume, makutu okha ndiwo afa. Manja alipo, mutu ulipo. Akachoka bambo awa, inenso ndinyamuka ndi ana."

A Lazaro anapukusa mutu. "Chabwino. Tiona pofika nthawi yokumba mtedza."

Matiyasi anaona chala chikuloza njira yotuluka m'mudzi, ndipo sanafunikire womasulira. Atafika kunyumba, Olipa anatenga kamtengo n'kulemba padothi zonse zimene zinanenedwa, popeza onse awiri anaphunzirako pang'ono pa sukulu ya mishoni. Bamboyo anawerenga, n'kufufuta ndi phazi pang'onopang'ono.

Anayenda wapansi mpaka ku Foti Jemusoni, tauni imene lero timati Chipata, kukafuna ntchito ya injini. Kulikonse ankamuyankha ndi manja kuti azipita. Ndani akanalemba makaniko wosamva kulira kwa injini? Anayesa m'mafamu a fodya a ku Madzimoyo, nako chimodzimodzi. Anabwerera kumudzi, n'kugwira khasu, n'kusiya kucheza ndi anthu.

M'deralo munali wamalonda wina dzina lake Abednego, amene anagula pikapu yakalekale kwa mzungu wa fodya amene ankasamuka. Galimotoyo inkanyamula anthu ndi katundu kupita kutauni, koma inali itatheratu mphamvu. Woyendetsa ankaponda moto mpaka pansi, iyo n'kumangotsokomola utsi wakuda. Pachitunda chachikulu cha panjirayo inkayenda ngati ikukayika, kutsogolo pang'ono, kumbuyo pang'ono, mpaka anthu anaipatsa dzina loti Bilimankhwe. Aliyense wokwera ankadziwa kuti akafika pamenepo atsika n'kukankha.

Tsiku lina m'mwezi wa Malichi, Matiyasi ankachokera kumunda ndipo anapeza anthu akukankha galimotoyo pachitundapo. Anaika khasu pansi n'kuthandiza. Manja ake atangogwira chitsulo cha pambali pa injini, anamva chinthu chimene ena onse sankachimva. Kunjenjemera kwake sikunali kofanana. Injiniyo inkagunda katatu, n'kudumpha, katatu, n'kudumpha, ngati munthu wotsimphina.

Kwa nthawi yoyamba chibwerereni, chinthu chinali chitamulankhula iye n'kumva.

M'mawa mwake anapita ku sitolo ya Abednego. Popeza sankadzimva yekha, mawu ake anatuluka mokweza mpaka ogula onse anacheuka.

"Bambo, galimoto yanu siinafe. Ikudwala. Ndiloleni ndiigwire."

Abednego anaseka, kenako anasiya. Anali ataganiza kale zoiimika kuseri kwa sitolo kuti nkhuku ziziikiramo mazira, chifukwa nkhondo yaikulu ya padziko lonse itangotha kumene zitsulo zatsopano zinali zosowa. Anatenga sipanala ziwiri ndi pulayala n'kumuika m'manja. "Gwirani, achimwene. Palibe chotsala choti muononge."

Matiyasi anayamba ndi zapafupi. Sefa ya mpweya anaipeza itatsekeka ndi fumbi lofiira, lolimba ngati dothi la pachulu. Anaitsuka ndi palafini. Mapulagi, tizipangizo toyatsa moto m'injini, anali bii ndi mwaye, ndipo anawapala limodzilimodzi ndi kampeni. Kenako anayala chitenje cha Olipa pansi n'kumasulirapo kabuleta, kachipangizo kamene kamasakaniza petulo ndi mpweya, kuti kachitsulo kalikonse kasasowe m'dothi. M'timabowo take anapezamo dzimbiri lochokera m'thanki. Anauziramo mpweya mpaka masaya kuwawa, anatsuka thankiyo, n'kusefa petulo pa chipewa chakale.

Patatha sabata anaiyesa. Pamalo osalala inathamanga bwino ndithu, ndipo Abednego anayamba kumwetulira. Koma itafika pakati pa chitunda inatsokomola, inanjenjemera, n'kuima. Anthu amene anabwera kudzaonerera anagwa ndi phwete. Matiyasi sanamve kuseka kwawo, koma mano awo anawaona onse.

Tsiku limenelo sanadye. "Ndachita zonse zimene ndikudziwa," anauza mkazi wake.

Olipa analemba padothi: "Simunamalize. Mawa mubwerereko."

Anabwereradi. Ulendo uno anasema kamtengo kouma, mbali imodzi anagunditsa pa injini ikulira, ina n'kuluma ndi mano. Kugunda konse kwa m'kati kunakwera m'nsagwada mpaka m'mutu. Injiniyo inali ndi zipinda zinayi zoyakira moto. Anazula waya wa pulagi yoyamba, kugunda kunasintha. Yachiwiri, kunasintha. Yachitatu, chimodzimodzi. Atazula wa yachinayi, palibe chinasintha. Chipinda chimenecho chinali chitagona kalekale, zitatu zokha zikusenza katundu wa zinayi.

Anamasula mutu wa injini. Vavu ya chipindacho, kachitseko kamene kamayenera kutseka kuti mphamvu isathawe, inali itakutidwa ndi mwaye wouma ndipo m'mbali mwake munali mutadyeka. Yatsopano kunalibe kokaigula.

Apa ndi pamene ambiri akanagwetsa manja. Matiyasi anapita kumtsinje, anatapa mchenga, anaupera pamphero, anausefa pansalu katatu mpaka unasalala ngati ufa, n'kuusakaniza ndi oyilo. Anapaka phalalo m'mbali mwa vavu, anaikhazika pamalo pake, n'kuyamba kuipukusa pakati pa zikhatho ngati akupeka moto. Masiku asanu ndi anayi ali pansi pa mtengo, kupukusa, kupukuta, kuyang'ana, kupukusanso. Matuza anatuluka n'kuphulika. Olipa ankabwera masana ndi chimanga chootcha, n'kumumanga zikhatho ndi tinsanza, iye n'kupitiriza. Itakhala bwino vavuyo, sanathamangire kutseka. Ananolanso zinzake zonse, n'kutsuka paliponse kuti pasatsale kamchenga ngakhale kamodzi.

Kachitsulo kopyapyala ka mkuwa kotsekera pakati pa mutu ndi thupi la injini anakawotcha pamakala mpaka kufiira, n'kukaviika m'madzi kuti kafewe, kagwirenso ntchito. Anathira oyilo watsopano. Pomaliza anasintha nthawi yoyakira moto pang'onopang'ono, kamtengo kali kumano, mpaka kugunda kunayenda mofanana ngati mitima inayi yogwirizana.

Tsiku loyesa linafika anthu atayamba kukumba mtedza. Abednego anafuna kuyesa yopanda katundu, koma Matiyasi anakana. Anakweza matumba khumi ndi awiri, ndi anthu asanu ndi mmodzi pamwamba pake, Olipa ali pomwepo. Matiyasi anakhala kutsogolo, chikhatho atachiika pachitsulo.

Atayandikira chitunda, amuna a kumbuyo anayamba kukonzeka kudumpha monga mwa masiku onse. Abednego anaponda moto. Galimoto inalumpha ngati yalumidwa ndi mavu, ndipo amene anali ataimirira anagwera pamatumba. Inadutsa pamwala pamene inkaimira nthawi zonse. Inadutsa pamene inachititsa manyazi Matiyasi. Chitunda chisanathe, Abednego analowetsa giya yapamwamba, ndipo inavomera.

Pamwamba anaimika n'kutsika, thukuta lili kamukamu. Anavula chipewa, anaima maso ndi maso ndi Matiyasi, n'kulankhula pang'onopang'ono kuti awerenge milomo. "Kuyambira lero, injini iyi sagwiranso munthu wina. Ndinu nokha."

Amayi amene anakwera nawo ankaimba nthungululu, koma Matiyasi anatembenukira kwa mkazi wake. Funso lake linamveka kwa onse.

"Olipa, ndiuze. Ikulira bwanji?"

Olipa anapukuta misozi, n'kulemba ndi chala pafumbi la pachitseko: "Ngati kwaya ya pa Pasaka."

Mbiri inawanda. Eni zigayo, oyendetsa malole ndi eni mafamu omwe aja anayamba kumufunafuna. Za kuchoka m'mudzi palibe anazitchulanso, ndipo a Lazaro omwe aja ndiwo anapereka malo m'mbali mwa msewu pomangapo chisakasa chogwiriramo ntchito. Pofika 1949, amuna atatu amene anabwerako kunkhondo opanda chochita anali akuphunzira kwa iye. Ankawauza kuti, "Musamafulumire kunena kuti chinthu chafa. Yambani mwatsegula muone."

Owerenga anzanga, Matiyasi sanachire. Anakalamba ali wogontha, ndipo sanamvepo injini ngakhale imodzi mwa zonse zimene anadzutsa. Chimene anachita ndi kuwerenga zimene zinamutsalira, manja, mano, ndi mkazi wolimba mtima, n'kuzigwiritsa ntchito mpaka mapeto.

Mwina nanunso mwataya chinthu chimene sichidzabwerera. Mwina mwayesa kamodzi, mwaima pakati panjira, anthu akuonerera. Lirani ngati kukupweteka, palibe choletsa. Koma kukacha dzukani, fufuzani pamene pakuthawira mphamvu, ndipo mukonze ndi chimene muli nacho m'manja lero. Mtima wokhawo musautaye.