Adobi ndi Pulasitiki Wosasuluka

Achemwali anga ankapanga pulasitiki, koma osati wa majumbo ayi. Wawo ndi wopyapyala ngati khoko la anyezi, ndipo dzuwa likamuwomba amatulutsa magetsi. Amayi atamva koyamba anati, "Sukulu yonse ija n'kukathera kupaka penti pagalasi?" Achemwali anangopitiriza ntchito yawo. Iwo ndi nkhutukumve chiyambire, ndipo ine ndimawanyadira nazo.

Ku labotale kumene ankagwira ntchito kunali kachitidwe kamene kamandinyansa mpaka lero. Akasakaniza mankhwala n'kupaka pulasitiki watsopano, ankamuyezera m'bokosi lotseka losalowa mpweya, pansi pa getsi loyerekezera dzuwa. Akawerenga mphamvu yake tsiku lomwelo, basi, n'kutaya. Aliyense ankangolimbirana nambala yaikulu ya tsiku loyamba.

Achemwali ankakana kutaya. Zidutswa zawo ankakwera nazo padenga n'kuzipana ndi mapegi pachingwe ngati matewera, mpaka anzawo anawapatsa dzina loti Adobi, ochapa zovala. Zambiri zinkasuluka n'kufa. Iwo ankatsika n'kukasintha kalumikizidwe ka tizigawo ta pulasitikiyo kuti asamaphwasuke ndi kutentha. Mapeto ake anapeza mtundu wina wofiirira, wa mphamvu yocheperako koma wosasuluka.

Abwana a labotale sanakondwe. "Mayi, opereka thandizo akubwera, ndipo iwo amafuna nambala zazikulu. Chotsani zochapa zanuzo, mubwerere kubokosi ngati anzanu. Apo ayi, malo anu tipatsa wina."

"Bwana, sola yoopa dzuwa ndi sola yanji?" anatero achemwali. "Denga la ndani limakhala m'bokosi?"

Ntchito inathera pomwepo. Ndinapita kukawanyamulitsa katundu ndili ndi ukali, koma eni ake anali phee. Anavula jasi loyera n'kulipinda bwinobwino. Abwana atanena kuti zinyalala zapadengazo atenge, anakwera, opereka thandizo aja atafika kale n'kumaonerera, n'kuyanula chimodzichimodzi mosathamanga.

Lero amaphunzitsa sayansi kusekondale. Labotale ina sanaipezebe, ndipo ndikudziwa kuti zimawapweteka. Zidutswa zofiirira zija anazilumikiza n'kuzipachika pakhonde la amayi, ndipo zimayendetsa kawailesi. Mvula yabwera n'kupita, fumbi lazikuta, koma mtundu uli chikhalire. Masana aliwonse akaweruka amaziyezabe.

Tsiku lina kunabwera amalume ndi malangizo awo osapemphedwa. "Mphwanga, wamkulu sawiringula naye. Pita ukapepese, mwina angakubwezere ntchito. Ukufuna ukalambe ndi choko m'manja?"

Achemwali asanatsegule pakamwa, amayi, omwe aja ankaseka, anapukuta fumbi pachidutswa chimodzi ndi nsonga ya nsalu yawo, n'kukweza wailesi mpaka kumapeto.

"Mwati chiyani, achimwene? Sitikukumvani. Penti wa mwana wanga akusokosa."