Foni Imene Sinkadulidwa

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza patatha miyezi inayi titaika maliro a mkazi wanga, Thandiwe. Ndinali ndi dipuloma ya zamakompyuta, koma kwa zaka ziwiri inali isanandipezere kanthu, ndipo lendi ya nyumba yathu ku Kafue Estates ankalipira ndi iyeyo. Lamlungu lina Mai Hamoonga, amene ankaimba naye kwaya, anandiimitsa pa geti la tchalitchi.

"Ba Daliso, simungankhale chabe mu nyumba," anatero. "Nili na buthi pafupi na maminibasi, ilibe munthu. Mubwere mailo."

Mawa lake ndinapita. Buthi ndi kanyumba kachitsulo kotumizira ndi kulandirira ndalama pa foni. Mumakwana munthu mmodzi, ndipo masana mumatentha ngati uvuni. Ndinapatsidwa mafoni awiri a ejenti, buku lolembamo, bolopeni yomangidwa ndi chingwe, pawabanki ya nthawi imene magetsi azima, ndi loko. Kasitomala amalemba yekha nambala pa kapepala. Iwe umailowetsa, dzina likaoneka umaliwerenga mokweza, iye akavomera m'pamene umaika pini. Ukamaliza, amasaina m'buku.

Zimenezi ndinazidziwa m'masiku atatu. Chimene chinanditengera nthawi ndi anthu oimba foni. Sabata iliyonse wina ankaimba pa foni ya ejenti, mawu aulemu, kunena kuti ali ku likulu la kampani ndipo akufuna pini kuti akonze laini yanga. Mauthenga a "ndalama zija mutume pa nambala iyi" ankabwera ngati ntchentche. Ndinkatseka nambala, mawa lake n'kuimba ina. Koma amene ankavulala kwenikweni anali makasitomala. Mai Hamoonga anandipatsa lamulo limodzi: "Munthu akabwera foni ili ku khutu, osatuma. Ayambe adula."

Tsiku limene ndikufuna kufotokoza linali Lachisanu, kumapeto kwa mwezi, m'nyengo yotentha. Pa zenera panali mzere wa anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi. Bambo wina wachikulire anadutsa onsewo. Ndinkamudziwa, anali a Munkombwe, mlimi wa ku Shimabala amene ankabweretsa matimati kumsika. Dzanja limodzi linagwira foni kukhutu, lina linakankhira pansi pa waya wa zenera mpukutu wa ndalama womangidwa ndi labala.

"Tuma manje manje. Mwana wanga Mutinta bamugunda na motoka ku Lusaka. Ba nesi bali pa foni, bafuna ndalama ya magazi."

Ndinawapempha kuti adule kaye foni. Anakana. Anati nesi wawauza kuti akadula, dokotala apita kwa wodwala wina. Ndinafunsa ngati amuimbira Mutinta. Anati foni yake ndi yozima, ndipo izi kwa iwo zinali umboni.

"Tate, aba ni bakawalala, bafuna kukuberani ndalama," ndinatero.

Apa m'pamene ndinalakwa. Nkhope yawo inasintha. Anamenya waya wa zenera ndi chikhatho.

"Iwe uli na mwana? Akafa, ndiwe wamupaya!"

Mzere unagawanika. Mayi wina anati ndalama ndi zawo, ndiwatumizire basi. Kondakitala wa minibasi anakuwa ali chapatali: "Ba koleji, tumani! Muzamuukitsa ndimwe?" Ena anaseka, koma a Munkombwe sanaseke.

Ndinene zoona, sindinali wotsimikiza. Pa msewu wa Lusaka anthu amagundidwa. Malinga ndi a Munkombwe, woimbayo ankadziwa dzina la mtsikanayo, ankadziwanso kuti amagwira ntchito mu saluni. Chala changa chinali kale pa batani. Chimene chinandigwira ndi chakuti foni yochokera kuchipatala ndinaliilandirapo. Nesi amene anandiimbira za Thandiwe anafunsa dzina langa, anati ndibwere msanga, ndipo anadula iye, chifukwa anali ndi ntchito. Sanatchule ndalama. Foni yonse sinakwane mphindi imodzi. Uyu anali atakhala pa laini kuyambira kumsika.

Ndinapempha kuti ndilankhule naye ndekha, ngati ejenti amene akufuna kutsimikiza nambala. A Munkombwe anaika foni pa sipika koma sanaisiye. Ndisanayambe ndinawanong'oneza kufunsa ngati Mutinta ali pabanja. Anapukusa mutu.

"Sisita, nine ejenti," ndinatero. "Bamuna bake ba Mutinta bafika?"

"Bali pano, balira," anayankha mawu a mkazi, mosachedwa n'komwe. "Imwe tumani, muntu ataya magazi."

Ndinayang'ana a Munkombwe, ndikuganiza kuti nkhani yatha. Sinathe. Anati mwina ndi chibwenzi chimene iwo sakuchidziwa, ana a masiku ano sanena. Anakoka ndalama zawo pansi pa waya. Tsidya lina la msewu kunali buthi ina, ya mnyamata amene sankafunsa mafunso.

Pokoka ndalamazo anagwetsa kabuku kakang'ono ka manambala, kakuda ndi thukuta. Ndinawaitana, sanacheuke. Ndinatsegula kabukuko. Manambala anali olembedwa ndi pensulo: wa feteleza, wa thiransipoti, abusa. Pa tsamba lachitatu panali mawu akuti "Mutinta bosi".

Ndinaimba pa foni yanga. Inalira mpaka kuduka. Kudzera pa waya ndinkawaona ataima m'mphepete mwa msewu, akudikira malole awiri kuti adutse. Ndinaimbanso. Anawoloka. Ku buthi inayo kunali anthu awiri patsogolo pawo, ndipo ndinaona akuwachonderera kuti awapatse mpata. Nditaimba kachitatu, mayi wina anayankha, kumbuyo kwake kukumveka chowumitsira tsitsi.

"Mutinta? Ali pano, aluka muntu. Nindani?"

Sindikumbukira zimene ndinayankha. Ndinaponya mafoni a ejenti m'thumba, ndinakhoma loko anthu ali pa mzere, ndipo ndinathamanga. Woyendetsa minibasi anaimba hutala ndi kunditukwana. Nditafika, a Munkombwe anali atalemba kale nambala pa kapepala, ndipo mnyamata uja ankailowetsa. Ndinangoika foni yanga pa khutu lawo linalo.

"Ba tata? Ba tata, nichani?"

Anaima choncho, foni ku khutu ili, foni ku khutu ilo. Uku nesi wabodza akukuwa kuti mwana akufa, uku mwanayo akufunsa ngati kunyumba kuli bwino. Kenaka anakhala pansi pa fumbi, ndalama zili m'manja. Anafunsa Mutinta katatu ngati ali bwino, ndipo anamuuza kuti aimirire, ayende, awauze ngati miyendo yonse ikugwira.

Pambuyo pake tinamva mmene zinayendera. M'mawa umenewo munthu wina anaimbira Mutinta, nati ndi wa kampani ya mafoni, akukonza netiweki, azime foni kwa maola awiri kuti laini yake isatsekedwe. Pocheza naye anamufunsa kumene amagwira ntchito ndi nambala ya wachibale. Iye anapereka ya bambo ake.

Nditabwerera, mzere unali utabalalika, ndipo wina anali ataimbira kale Mai Hamoonga kuti buthi yatsekedwa masana a Lachisanu. Anabwera okha. Anamvetsera nkhani yonse ataima padzuwa.

"Mwachita bwino," anatero. "Koma munabauza kuti ni bakawalala? Muntu ali na mantha simumuuza so. Mwamutuma mweka ku buthi ina."

Ananena zoona. A Munkombwe sanabwerenso pa zenera langa. Tikakumana kumsika amandipatsa moni mwaulemu, maso ali kumbali. Ndikuganiza kuti amakumbukira mawu amene anandinena, ndiponso kuti anthu anawaona atakhala pa fumbi.

Ndinagwira ntchito pa buthi imeneyo chaka china chathunthu, ndipo anthu a foni kukhutu anabwera ambiri. Sindinatsutsanenso ndi aliyense wa iwo. Ndinkalandira kapepala kawo, n'kukaika patebulo pamene akukaona, n'kunena kuti netiweki ikuchedwa pang'ono. Kenaka ndinkatulutsa foni yanga ndi kufunsa kuti: "Nindani wina ali pafupi na m'bale wanu? Tiyeni timuimbire, tili kuyembekeza."