Chithunzi cha pakhoma la hotela

Ana anga nonse, Mulungu akusungeni.

Lero masana ife akulu a mpingo tinatenga abusa atsopano kukadya ku hotela yakale ija ya pafupi ndi njanji. Ine ndinali ndisanapondemo chibatizidwire. Anakonzamo bwino, ndipo pakhoma anapachika zithunzi zakale.

Ndikukoka mpando, ndinaona chithunzi cha mnyamata wa tsitsi ngati chisa, buluku lotambalala kumapazi, botolo kumanja, akuvina mwendo uli m'mwamba. Mnyamatayo ndine.

Ndinakankhira mpando kukhoma n'kuchiphimba ndi mutu. Nshima ndi nsomba ndinadya khosi lili chilili. Ngakhale popemphera sindinawerame.

Koma ba Tembo, mlembi wa mpingo, sapitidwa kanthu. Anati, "Ba Phiri, sendezani mutu, mukutibisira chiyani?" Atavala magalasi anaseka mpaka kutsamwa. "Abusa, bwerani muone mkulu wathu ali mu mzimu!"

Abusa anayang'ana nthawi yaitali, kenako anafunsa, "Nanga mtsikana akusekayu ndani?"

Apo m'pamene ndinatembenuka n'kuyang'anitsitsa. Ndi malemu amayi anu. Ndinali nditaiwala kuti ankaseka choncho, mutu uli chagada.

Tsono ndivomere. Sitinakumane ku kwaya monga ndakhala ndikukuuzani zaka zonsezi. Tinakumana pa dansi.

Mwini hotela wati andijambulira china. Mukuti bwanji, ndichipachike pabalaza mmene chilili, kapena tidule kaye botololo? Vuto n'lakuti dzanja la amayi anu nalonso lagwira pomwepo.