Mgolo Wosadzaza

Apongozi anga aamuna, anthu a mumsewu mwathu ankawatchula kuti a Sefa. Dzinalo sankalikonda, koma akaitanidwa ankavomera, poti akanakanira pati? Aliyense wodutsa pageti pathu m'mawa ankawapeza atagwada pasimenti, sefa ya waya ili m'manja, fumbi litawayeretsa mpaka m'nsidze. Anabwera kudzakhala nafe akazi awo atamwalira ndiponso nyumba yawo itagumulidwa kuti padutse msewu watsopano. Katundu amene anatsika naye pa lole imene amuna anga amayendetsa anali matiresi, sefayo, ndi ndowa ya penti momwe munali kamtengo ka mandimu kolekeza m'bondo.

Kamtengoko kanali nthambi ya mtengo umene malemu akazi awo anabzala kuseri kwa khitchini chaka chimene anakwatirana. Atamva kuti makina ogumula nyumba akubwera, anadula nthambi zisanu n'kuzizika m'zitini. Zinayi zinauma. Imodziyi ndi imene inagwira, ndipo pa zonse zimene anthu awiriwo anakhala nazo zaka makumi anayi, chamoyo chimene chinatsala ndi chomwecho, kupatula amuna anga, amene kunyumba amangobwera kudzachapitsa zovala.

Bwalo la nyumba yathu ya lendi ndi simenti kuyambira pakhomo mpaka kumpanda, ndipo eni nyumba anatichenjeza tsiku lolowa kuti asadzaone khasu. Apongozi anga zimenezo sizinawadandaulitse. Dothi sankalikhulupirira. Anagwira ntchito zaka makumi atatu pa nazale yaikulu ya maluwa ndi mitengo ya zipatso, ndipo ntchito yawo inali imodzi yokha, kusakaniza zobzalamo mbande. Ankati dothi n'labwino m'munda momwe Mulungu analisiya, koma ukaliika m'chitini limasanduka njerwa. Madzi amadikha pamwamba, mizu imabanika, ndipo limabwera ndi mbozi zake ndi matenda ake omwe. Choncho m'zitini zawo simunkalowa dothi ngakhale lotapa ndi chala.

Msakanizo wawo ndikhoza kuunena ndili m'tulo, chifukwa ndinaumva zaka zisanu ndi ziwiri ndisakufuna. Ndowa zitatu za utuchi wovunda, ziwiri za mankhusu a mpunga owauka pamoto mpaka kuda koma osasanduka phulusa, imodzi ya manyowa a mbuzi akale, ndi theka la ndowa la mchenga wokhakhala wa kumtsinje. Chovuta chinali utuchiwo. Wauwisi, ankati, umadya chakudya cha mbewu m'malo moidyetsa. Ankauunjika pakona ya mpanda, kuuthirira madzi, kuufunditsa pulasitiki yakuda, n'kumautembenuza ndi fosholo Loweruka lililonse mpaka chaka chithe. Ukada bii n'kuleka kutentha m'kati, m'pamene ankausefa.

Akasakaniza ankatapa dzanja limodzi n'kufinya. Pakagwa madontho awiri kapena atatu, ndiye kuti zili bwino. Madzi akachucha, ankaonjezera mankhusu. Koma ngakhale dzanja litavomereza, sankabzalamo chinthu chimene ankachikonda asanafunse nyemba. Ankadzaza kachitini ka mkaka, n'kukwiriramo nyemba zisanu, n'kudikira masiku khumi. Zikamera zoongoka, masamba obiriwira bwino, ndiye kuti msakanizo wakhoza mayeso. Zikapiringizika kapena kuchita chikasu, mulu wonse unkabwerera pansi pa pulasitiki. Ankati nyemba amazikhulupirira kuposa anthu chifukwa siziopa kukhumudwitsa munthu wamkulu.

Ndisaname, ine zonsezi zinkandinyansa. Ndine telala, ndimasoka mayunifolomu a ana a sukulu pakhonde, ndipo malaya oyera ndi fumbi la mankhusu sizigwirizana. Apongozi sungawakalipire pamaso, ndiye ndinkakalipira tsache, chitseko, mphaka wa eni ake, mokweza ndithu kuti mawu akafike pakona ya mpanda. Iwo ankangosuntha sefa yawo mapazi awiri n'kupitiriza. Madzulo ndinkapeza pamashini panga tomato mutatu kapena kamtolo ka anyezi wa m'matumba awo obzalamo mbewu. Mandimu okha ndiwo sankagawa wamba. Mtengowo unkabereka asanu ndi awiri, chaka chabwino khumi, ndipo loyamba kupsa ankalidula pakati, theka n'kufinyira mu tiyi wawo, theka linalo n'kuliika pa sosala pawindo la khitchini mpaka liume. Sindinawafunsepo kuti thekalo linali la yani.

Chifuwa chawo chinayamba kalekale, ife n'kumati ndi ukalamba. Chaka chatha chinafika poti akakwera masitepe awiri a pakhonde ankayenera kukhala pansi, milomo itada. Kuchipatala anawajambula, ndipo dokotala anaonetsa chithunzicho ine, poti amuna anga anali pa ulendo. Anati mapapo adzaza fumbi la zaka makumi atatu ndipo palibe mankhwala olichotsa. Chimene tingachite n'kuonetsetsa kuti lina lisalowenso. Sefa aiiwale. Anawagoneka masabata atatu pa makina a mpweya.

Nthawi yomweyo ndowa ya mtengo wa mandimu inali itang'ambika mbali imodzi, mizu ikusuzumira panja, ndipo nyengo yotentha inali itayamba. Mgolo wodula pakati woti auokeremo anali atagula kale n'kuuboola pansi. Ndikawapititsira chakudya sankafunsa za mwana wawo kapena za kunyumba, ankafunsa za ndowa. Tsiku lachinayi anachotsa chophimba kumphuno cha mpweya chija n'kundipempha chinthu, koyamba chibwerereni pakhomo pathu.

"Apongozi, mundiokerere mtengo uja. Utuchi mutenge wa pansi pa pulasitiki. Ndipo musafulumire, muyambe mwafunsa nyemba."

Ndinavomera, ndipo ndinachitadi. Ndinamanga kansalu kumphuno, ndinasefa, ndinayeza ndowa ndi ndowa, ndinafinya mpaka pagwe madontho atatu. Nyemba zisanu ndinakwirira, ndipo zonse zinamera zoongoka, masamba ake obiriwira kuti ukondwe. Ndinanyada. Tsiku lakhumi ndinakhuthulira msakanizo mumgolo, ndipo pamenepo m'pamene ndinagwa mphwayi, chifukwa unalekeza pakati. Ndinapita pakona ya mpanda n'kuvundukula pulasitiki. Mulu unali utatha psiti.

Ndinaganiza za nkhalamba ija ikutuluka m'chipatala n'kupeza mtengo wa akazi ake uli pansi pa mgolo ngati wagwera m'dzenje, anthu odutsa n'kumati mpongozi waulesi wasiyira ntchito panjira. Ndinkafuna aone mgolo wodzaza mpaka m'milomo. Ndinakankha wilibala kupita kwa kalipentala wa kumapeto kwa msewu. Sabata imeneyo ankacheka mapolo akale a mpanda, aja amawanyika m'mankhwala a chiswe, ndipo utuchi wake unali woderako, pafupifupi ngati wathu wovunda uja. Anandiuza kuti nditape mmene ndingafunire, ndimuchotsere zinyalala. Fungo ndinalimva, lofanana ndi la phula la pamsewu dzuwa likaomba. Sindinganene kuti sindinalimve. Ndinadziuza kuti lichoka ndi madzi, komanso kuti ndikadikira nyemba masiku ena khumi, apongozi adzapeza ntchito isanathe. Ndinasakaniza zonse pamodzi, ndinaokera mtengo, ndinathirira. Unaoneka bwino kwambiri.

Madzulo ake kuchipatala anandifunsa ngati nyemba zinamera.

"Zinamera zonse zisanu, bambo."

Sindinaname. Anatseka maso n'kumwetulira m'kati mwa chophimba chija, ndipo ine ndinatolera mbale zanga msangamsanga.

Pofika tsiku lowatulutsa, masamba a kunsonga anali atayamba kupindika. Oipitsitsa ndinawathothola n'kuwabisa m'bini, ndikudzitonthoza kuti mtengo uliwonse umadandaula ukasamutsidwa. Anatsika pa takisi atagwira phewa langa, ndipo m'nyumba sanalowe. Analunjika pamgolo. Anauyang'ana mtengowo nthawi yaitali, kenaka anapisa dzanja mpaka m'chigongono, n'kutulutsa msakanizo wa pansi, n'kuufikitsa kumphuno. Ine ndinaima kumbuyo kwawo nditanyamula jumbo ya mankhwala, ndikudikira mawu. Ndikanakonda akananditukwana pamaso pa msewu wonse. Iwo anangopukutira dzanja pa buluku n'kupempha mpando.

Masabata awiri otsatira masamba anayoyoka limodzilimodzi. Anandiuza kuti ndizithira madzi ambiri kuti atsuke mizu, ndipo ndinathira mpaka bwalo lonse linanunkha phula. Amuna anga atabwera anati bambo asadandaule, akawagulira mtengo wina wa mandimu kumsika, womezanitsa, wobereka msanga. Bambo awo anawayang'ana ngati mlendo wosochera nyumba. M'mawa mwake amuna anga anapeza ulendo wina.

Lachitatu lina ndinapita kukasiya mayunifolomu kusukulu. Pobwerera, ndisanatsegule geti, ndinamva phokoso limene ndinadana nalo zaka zisanu ndi ziwiri, kukwecha kwa sefa. Ndinawapeza atagwada pakona ya mpanda, opanda ngakhale kansalu kumphuno. Anali atapala zotsalira za utuchi wakale zimene zinakakamira pa pulasitiki ndi m'ming'alu ya simenti, n'kumazisefa pamodzi ndi mankhusu, fumbi lili koboo. Ulemu wonse unandithawa. Ndinawalanda sefa n'kuiponya uko, ndikukuwa kuti kodi akufuna kufera pakhomo panga chifukwa cha mtengo? Mpweya unali utawathera. Anangondilozera kachitini ka mkaka kamene anali atadzaza kale. Pakati pake anazikapo kanthambi kotalika ngati chala, kokhako kamene kanali kakadali kobiriwira pa mtengo wonse.

Tsiku lomwelo ndinabwerera nawo kuchipatala, pa bedi lina la wodi yomwe ija. Ulendo uno mpweya wa m'makina sunkawakwanira. Ndinakhala pambali pawo masiku asanu nkhani yanga ili pakhosi, ndipo tsiku lachisanulo, namwino atatuluka, ndinagwada pansi n'kuyamba kufotokoza za wilibala ndi kalipentala. Anandidula ndi dzanja. Mawu ankatuluka awiriawiri, akupumira pakati.

"Fungo ndinalimva ndili pageti. Mumafuna mgolo udzaze."

Ndinati eya.

"Mtengo uja ukanakhala bwinobwino mumgolo wosadzaza. Ndinakuuzani zonse, koma chimenecho ndinaiwala."

Ndinalira mokweza mpaka a pa mabedi ena ankaganiza kuti amwalira kale. Atapezanso mpweya anandipatsa malangizo a kachitini kaja. Ndikaike posafika dzuwa, ndikavundikire ndi botolo lodula pakati, madzi pang'ono m'mawa mokha. Chachikulu, ndisazule kanthambiko kufuna kuona ngati kachita mizu, chifukwa anthu ambiri amapha nthambi ndi chidwi chawocho. Ndidikire miyezi iwiri, ndipo kakagwira kadzandiuza kokha ndi tsamba latsopano. Anamwalira Lamlungu masana, ine nditapita kukatsuka mbale pampopi wa chipatala.

Mtengo wa mumgolo amuna anga anaudula maliro atatha, mgolowo n'kupatsa eni nyumba kuti azitayamo zinyalala. Matumba a tomato ndi anyezi ndinagawira oyandikana nafe. Malaya amene ndimasoka tsopano amakhala oyera mbee, ndipo kuyerako ndimadana nako. Pakona ya mpanda ndinaunjika utuchi watsopano wa matabwa osanyika m'mankhwala, umene ndinaununkhiza ndekha thumba ndi thumba mpaka kalipentala anandiyesa wamisala, ndipo Loweruka lililonse ndimautembenuza. Anthu a mumsewu ayamba kunditchula kuti mayi a Sefa. Chimene ndidzabzalemo sindikuchidziwa.

Kachitini kali pawindo la khitchini, pamene pankakhala sosala ija. Miyezi iwiri inakwana, tsamba silinatuluke. Mwezi wachitatu kanthambiko kanasiya kubiriwira, ndipo pano kali ndi mtundu wa udzu wouma. Tsiku lina amuna anga anati tingokazula tione, n'kutambasula dzanja, koma mmene ndinawakuwira sanayesenso. Chimene ndingapeze pansipo ndikuchidziwa, sindine chitsiru. Koma apongozi anga anati ndisazule, ndipo mawu awo ndinawaphwanyapo kale kamodzi. Uno ndi mwezi wachisanu ndi chiwiri. M'mawa uliwonse ndimavundukula botolo lija n'kuthira madzi pang'ono.